Robert Jones, Dotolo wa Mafupa

M'thupi la munthu wamkulu muli mafupa 206. Mwa mafupa onseŵa, lalitali ndi lolimba koposa ndi fupa la m'ntchafu, lochokera m'chiuno kukafika pabondo. Fupa limeneli silithyoka wamba. Koma likathyoka, munthu amakhala pakati pa moyo ndi imfa, makamaka ngati pali bala lakuya lofika pafupapo.

Nkhondo Yaikulu Yoyamba itabuka m'chaka cha 1914, asilikali ambiri amene chipolopolo chidawaswa fupa la m'ntchafu ankamwalira, ena asanafike n'kuchipatala komwe. Patapita zaka zitatu zinthu zidasintha, ndipo ambiri mwa ovulala motere adayamba kupulumuka. Mmodzi mwa anthu amene adabweretsa kusinthaku ndi Robert Jones, dotolo wa mumzinda wa Liverpool ku England. Chida chimene iye adalimbikitsa sichidali chamtengo wapatali ayi. Chidali mkombero wachitsulo ndi ndodo ziŵiri zachitsulo, zimene mmisiri aliyense wodziŵa kusula akadatha kupanga.

Kunyumba kwa Thomas

Robert Jones adabadwa pa 28 Juni, 1857, kumpoto kwa dziko la Wales. Akali wamng'ono, makolo ake adasamukira ku London kumene bambo wake ankalemba nkhani m'manyuzipepala. Atakwanitsa zaka 16, Robert adapita ku Liverpool kukakhala ndi azakhali ake, Elizabeth, amene adakwatiwa ndi dotolo wina dzina lake Hugh Owen Thomas. Banjali lidalibe mwana, choncho lidamlandira Robert ngati mwana wobala lokha.

Makolo a Thomas adali a pachilumba cha Anglesey, ndipo adatchuka ndi luso lolunzanitsa mafupa othyoka. Lusoli sadaliphunzire kusukulu. Linkachoka kwa bambo kupita kwa mwana, monga momwe kusula makasu kapena kusema mabwato kumayendera m'mabanja. Koma bambo wake wa Hugh adaona kuti nthaŵi zikusintha, motero adatumiza ana ake aamuna onse asanu kukaphunzira udotolo. Hugh adabwerako ali ndi nzeru ziŵiri, ya m'mabuku ndi ya makolo.

Nyumba yake, nambala 11 mumsewu wa Nelson, idali pafupi ndi doko. Kumeneko anthu otsitsa katundu m'sitima za panyanja ankavulala tsiku ndi tsiku. Ena ankagwa kuchokera pamwamba, ena mabokosi olemera ankawaphwanya miyendo. Kunkabweranso ana a anthu osauka amene nthenda ya TB idawaloŵa m'mafupa ndi m'mfundo. Mfundo ndi malo amene mafupa aŵiri amakumana, monga bondo, chigongono, kakolo ndi pheŵa. Lamulungu lililonse Thomas ankathandiza amphaŵi popanda malipiro, ndipo msewu wonse unkadzaza ndi odwala.

Masiku amenewo madotolo ambiri sankachedwa kudula mwendo umene mfundo yake yadwala. Thomas ankakana zimenezi. Iye ankaphunzitsa kuti thupi limadzichiritsa lokha ngati chiŵalo chodwalacho chipumula osagwedezeka, kwa nthaŵi yaitali ndiponso mosadukiza. Pofuna kuti chiŵalo chipumuledi, ankachimanga m'zitsulo. M'nyumba mwake momwemo mudali chipinda chogwiriramo ntchito mmisiri wosula ndi wina wosoka zikopa, ndipo wodwala aliyense ankamupangira chitsulo cholingana ndi thupi lake. M'buku limene adatulutsa m'chaka cha 1875 adalongosolamo zitsulo zake. Chimodzi mwa izo, chomangira bondo lodwala, ndicho chidadzatchuka pankhondo patapita zaka 40.

Thomas adali munthu wochepa thupi, wosasiyana ndi ndudu pakamwa, ndipo ankavala kapusi yophimba diso lake lina limene lidavulala ali mwana. Kwa odwala adali wachifundo, koma kwa madotolo anzake adali waukali ndi wokonda mikangano. Chifukwa cha ichi, ambiri sankasamala zimene iye ankalemba, ngakhale zidali zoona.

Robert adakulira m'nyumba imeneyi. Masana ankapita kusukulu ya udotolo, ndipo akaŵeruka ankathandiza Thomas. Nthaŵi imeneyo kudalibe makina ojambulira mafupa. Dotolo ankadalira maso ndi manja ake basi. Robert adaphunzira kuyamba wafunsa mmene munthu wagwera, kenaka kuyerekeza chiŵalo chovulala ndi chinzake chabwino, kuyeza ngati mwendo wina wafupika, ndi kupapasa pang'onopang'ono kufikira atapeza malo enieni opweteka. Adaphunziranso njira imene Thomas adatulukira yodziŵira ngati mfundo ya m'chiuno yaumira chopindika. Wodwala amagona chagada, ndipo bondo la mwendo wabwino amalikokera kuchifuŵa mpaka msana utagunda pabedi. Ngati ntchafu inayo itukuka yokha osafuna kugona pansi, ndiye kuti mfundoyo ili ndi vuto. Madotolo amagwiritsabe ntchito njira imeneyi, ndipo imadziŵika ndi dzina la Thomas.

Robert adamaliza maphunziro ake m'chaka cha 1878. Nzeru zonse za Thomas adazitenga, koma ukali wake sadautengere. Iye adali munthu wansangala, wokonda maseŵera a nkhonya ndi kukwera akavalo, wodziŵa kucheza ndi aliyense. Khalidwe limeneli lidadzamthandiza kwambiri, pakuti zimene madotolo ankakana kumva kwa Thomas adadzazimva kwa Jones.

Ngalande, chipolopolo ndi phazi

M'chaka cha 1887 anthu adayamba kukumba ngalande yaikulu yoti sitima za panyanja zizifika mumzinda wa Manchester, umene uli patali ndi nyanja. Ngalandeyo idali yotalika makilomita 58, mtunda wocheperako pang'ono poyerekeza ndi wochokera ku Blantyre kukafika ku Zomba. Pa nthaŵi ina antchito adachuluka mpaka kufika 17,000, ndipo ngozi zidali zosaŵerengeka. Zipupa za dothi zinkagumukira anthu, ngolo za panjanji zinkaponda miyendo, ndipo makina ankadula zala.

M'chaka cha 1888 Jones adasankhidwa kukhala woyang'anira chithandizo cha ovulala onse pantchitoyo. Adagaŵa ngalandeyo m'zigawo zitatu, ndipo m'chigawo chilichonse adaikamo chipatala. Pakati pa zipatalazo padali timalo tating'ono toperekera chithandizo choyamba. Njanji yonyamula dothi ndiyo inkathamangitsanso ovulala kupita nawo kuchipatala. M'zaka zimene Jones adagwira ntchitoyi, anthu ovulala oposa 3,000 adathandizidwa. Kumeneku adaona ndi maso ake kuti zimene zachitika kwa munthu atangovulala kumene, asananyamulidwe, ndizo kaŵirikaŵiri zimagamula ngati adzayendanso kapena ayi.

Thomas adamwalira m'chaka cha 1891 ali ndi zaka 56, ndipo khamu la anthu osauka a ku Liverpool lidamuperekeza kumanda. Jones adaloŵa m'malo mwake kunyumba ija ya mumsewu wa Nelson, napitiriza kuthandiza amphaŵi Lamulungu lililonse.

Chakumapeto kwa chaka cha 1895, katswiri wina wa ku Germany, Wilhelm Röntgen, adatulukira kuŵala kosaoneka ndi maso kumene adakutcha X-ray. Kuŵala kumeneku kumapyola mnofu mosavuta, koma fupa ndi chitsulo zimakutchinga, motero zimaoneka pachithunzi ngati mthunzi. Patangopita miyezi yochepa, mu Febuluwale 1896, kwa Jones kudabwera mnyamata wa zaka pafupifupi 12 amene adadziwombera mwangozi. Chipolopolo chidaloŵa pamfundo yolumikiza dzanja ndi mkono, ndipo sichinkapezeka. Kuchifufuza ndi mpeni kukadawononga mfundoyo. Jones adapempha Oliver Lodge, mphunzitsi wa sayansi pakoleji ya ku Liverpool, kuti ayese kuŵala kwatsopanoko. Mnyamatayo adakhazika dzanja lake phee kwa maola pafupifupi aŵiri, chifukwa makina a nthaŵiyo adali ofooka. Pachithunzi chipolopolo chidaoneka pamalo ake. Aka kadali kamodzi mwa maulendo oyambirira ku Britain kuti X-ray ithandize dotolo kupeza chinthu chobisika m'thupi la wodwala.

Makinaŵa adadzathandizanso Jones mwini wake. Tsiku lina akuvina adapondera kumbali kwa phazi chidendene chili m'mwamba, ndipo adamva kanthu kakuduka. Iye adaganiza kuti waduka mtsempha. Atapempha mnzake wina kuti ajambule phazilo, adapeza kuti chothyoka chidali fupa la kumbali kwa phazi, limene limatsogolera kukachala kakang'ono. Madotolo ankakhulupirira kuti fupa limeneli limathyoka pokhapokha chinthu cholemera chikaligwera. Jones adapeza odwala ena asanu amene adathyoka chimodzimodzi pongoponda molakwika, ndipo adalemba za iwo m'chaka cha 1902. Kufikira lero kuthyoka kwa mtundu umenewu kumatchedwa ndi dzina la Jones. Ngati dotolo wa mafupa adasokonezeka ndi phazi lake lomwe, n'zosadabwitsa kuti anthu ambiri amayendera fupa lothyoka poganiza kuti angobinya.

M'zaka zomwezo Jones adadziŵana ndi namwino wina, Agnes Hunt, amenenso adali wolumala mwendo kuyambira ali mtsikana. Mayiyu adatsegula nyumba yosamaliramo ana olumala m'mudzi wa Baschurch m'chaka cha 1900. Kuyambira 1904 Jones ankapita kumeneko kukachita maopaleshoni popanda malipiro.

Pankhondo

Nkhondo itayamba m'chaka cha 1914, Jones adali ndi zaka 57. Adaloŵa m'gulu la madotolo a asilikali, ndipo adayendera zipatala za ku France ndi za ku Britain. Zimene adaona zidamumvetsa chisoni.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake asilikali ankafa ndi bala la pantchafu, ayenera kudziŵa zimene zimachitika fupalo likathyoka. Minofu ya m'ntchafu ndi yamphamvu kwambiri. Fupa likakhala lathunthu limaikunga, monga momwe mtengo wa uta umakungira nsinga. Likathyoka, minofu ija imadzikoka, ndipo zidutswa ziŵiri za fupa zimapyolana. Mwendo umafupika. Nsonga za fupa lothyoka n'zakuthwa ngati botolo losweka, choncho wovulala akangogwedezeka, zimacheka minofu ndi mitsempha ya magazi. Magazi oposa lita imodzi akhoza kutayikira m'kati mwa ntchafu osaoneka kunja. Munthuyo amazizidwa, amatuwa, mtima umagunda mofooka, ndipo akapanda kuthandizidwa amatsirizika.

Tsono msilikali wolasidwa ankakhala ndi ulendo wautali. Nthaŵi zina ankagona m'matope tsiku lonse kudikira mdima, chifukwa masana onyamula machira akadawomberedwa. Usiku ankamunyamula kudutsa m'ngalande zokhotakhota zimene asilikali ankabisalamo. Kenaka ankamukweza m'ambulansi yoyenda m'misewu yokumbika ndi mabomba. Paulendo wonsewu fupa lija linkacheka m'kati. Onyamula machira ankayesa kumangirira mwendo kumfuti ya msilikaliyo kapena kuthabwa lalitali, koma mfuti ndi thabwa sizinkakoka mwendo, motero nsonga za fupa zinkapyolanabe. Kuwonjezera apo, nkhondoyo inkamenyedwa m'minda yothiridwa manyowa kwa zaka zambiri. Dothi lake lidali ndi tizilombo toopsa timene tinkaloŵa m'mabala ndi kuoletsa minofu, ndipo mankhwala opha tizilombo m'thupi monga penisilini adali asanapezeke. Dotolo wina wa ku Scotland, Henry Gray, adalemba kuti m'zaka zoyambirira za nkhondo, mwa asilikali 100 olasidwa fupa la m'ntchafu, pafupifupi 80 ankamwalira.

Jones adadziŵa kuti chida chofunika chidalipo kale. Chidali chitsulo chija Thomas adapangira ana odwala bondo. Kumtunda kwake kuli mkombero wokutidwa ndi thonje ndi chikopa. Mwendo umapisidwa mumkomberomo mpaka mkomberowo utakatsamira pafupa limene munthu amakhalira. Kuchokera pamkombero, ndodo ziŵiri zachitsulo zimatsika, ina kunja kwa mwendo, ina m'kati, ndipo zimakalumikizana kunsi kwa phazi. Munthu mmodzi amagwira phazi ndi kulikoka mosalekeza, pamene mnzake akuloŵetsa chitsulo. Kenaka amamanga chingwe kujombo ya wovulalayo, osaivula, ndi kuchimangirira kumapeto kwa chitsulo. Akapisa kamtengo pakati pa chingwe ndi kukapotokola, chingwecho chimakungika. Mkombero umakankha kumtunda, chingwe chimakoka kunsi, ndipo fupa limawongoka ndi kukhala bata. Pansi pa mwendo amayalapo nsalu zomangidwa kundodo ziŵiri zija kuti mwendo ugonepo. Izi zikatha, m'pamene amang'amba buluku ndi kumanga bala, pakuti chitsulocho n'chotsekuka mbali zonse ndipo balalo limaoneka bwino. Ululu umachepa nthaŵi yomweyo, magazi nawonso amachepa kutayika.

Chitsulo chokhala m'chipatala chakutali sichikadapulumutsa munthu. Chinkafunika pamalo pomwe msilikali wagwera. Jones adalemba makalata ndi nkhani, adaphunzitsa madotolo, ndipo adaumirira akuluakulu a nkhondo kuti zitsulozi zitumizidwe kutsogolo kwenikweni. Ku France, Henry Gray ndi anzake adaphunzitsa onyamula machira kumanga chitsulocho mobwerezabwereza, kufikira ankatha kuchimanga atamangidwa nsalu kumaso. Sadachite zimenezi moseŵera. Ntchito yawo inkagwirika mumdima, pamalo pamene kuyatsa nyale kudali kudziitanira chipolopolo.

Pankhondo ya ku Arras, imene idayamba mu Epulo 1917, asilikali 1,009 othyoka fupa la m'ntchafu adafika m'zipatala zapafupi ndi malo omenyanirana, pafupifupi onse atamangidwa kale chitsulo cha Thomas. Mwa 100 alionse, omwalira m'zipatalazo adali ngati 16 okha. N'zoona kuti si chitsulo chokha chidachita zimenezi. Pofika nthaŵiyo madotolo adali ataphunzira kuchotsa msanga minofu yowonongeka pabala ndi kufunditsa ovulala, ndipo ena adayamba kuthira odwala magazi. Komabe opaleshoni imathandiza munthu amene wafika ali moyo ndiponso ali ndi mphamvu, ndipo chimene chinkamufikitsa chotero chidali chitsulo chija.

Kupulumutsa mfundo

Kupulumutsa moyo kudali theka chabe la ntchito. M'zipatala za ku Britain Jones adapeza anyamata ambirimbiri amene mabala awo adapola koma matupi awo adapunduka. Wina fupa lidalumikizana chokhota, wina bondo lidauma chopindika, wina phazi lidaloza pansi kotero kuti sankatha kuponda ndi chidendene. Asilikaliŵa ankasamutsidwa kuchoka chipatala ichi kupita china, dotolo aliyense n'kuyamba zakezake, ndipo pomaliza ankatulutsidwa usilikali ali osatha kugwira ntchito iliyonse. Jones adaona kuti kupunduka kochuluka kukadapeŵeka.

Adapempha mkulu wa madotolo onse a asilikali, Alfred Keogh, kuti ovulala mafupa ndi mfundo azisonkhanitsidwa m'zipatala zawozawo, m'manja mwa anthu odziŵa ntchitoyo kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Kumayambiriro kwa 1915 adapatsidwa mabedi 250 ku Alder Hey mumzinda wa Liverpool kuti ayesere. Madotolo ena otchuka sadakondwere nazo. Iwo ankati dotolo aliyense wa opaleshoni angathe kusamala fupa lothyoka, ndipo ankaopa kulandidwa odwala. Apa m'pamene kufatsa kwa Jones kudagwira ntchito. Sadakangane nawo monga akadachitira Thomas. Ankangowaitana kuti adzaone okha asilikali amene adafika pamachira akutuluka akuyenda. M'chaka cha 1916 adasankhidwa kukhala woyang'anira chithandizo cha mafupa ndi mfundo m'gulu lonse la nkhondo la Britain.

Pofuna kuthandiza madotolo achinyamata amene adali asanazoloŵere ntchitoyi, Jones adalemba timabuku tiŵiri, kena m'chaka cha 1915 konena za kuvulala kwa mfundo, kena m'chaka cha 1917 konena za mafupa ndi mfundo za asilikali. Funso lovuta kwambiri lidali lakuti, mfundo youma iyenera kupumula kapena kugwedezedwa? Kulakwitsa pamenepa n'koopsa. Mfundo yodwala ikagwedezedwa mokakamiza, matenda amakula. Mfundo imene yachira ikasiyidwa m'chitsulo nthaŵi yaitali, imaumiratu. Jones adapereka njira yosiyanitsira. Dotolo ayese kuyendetsa mfundoyo mbali zonse zimene imayenda mwachibadwa. Ngati ikukana mbali zonse, ndiye kuti m'kati mwake muli kutupa kapena matenda, ndipo iyenera kupumula. Koma ngati ikukana mbali imodzi kapena ziŵiri pamene mbali zina ikuyenda bwino, ndiye kuti minofu yoizungulira yangomatirira, ndipo ikhoza kuwongoledwa. Pambuyo pake dotolo ayang'anitsitse. Ngati tsiku ndi tsiku mfundoyo ikuyenda mowonjezereka, apitirize. Ngati kuyenda kwake kukucheperachepera, aleke ndi kuibwezera m'chitsulo.

Mfundo zina zinkaphwanyika kotheratu kotero kuti padalibe chiyembekezo choti zidzayendanso. Pa zoterezi Jones adaphunzitsa kuti ngati mfundo iti iume, iumire pamalo pothandiza mwini wake. Chigongono chouma chowongoka n'chopanda ntchito, chifukwa dzanja silingafike kukamwa. Chikauma chopindika, munthu amatha kudya ndi kulemba. Bondo liumire pafupifupi chowongoka kuti munthu athe kuima. Phazi likhale lopingasa bwino ndi mwendo kuti chidendene chizigunda pansi. Dzanja likhale lotukukira kumbuyo pang'ono, pakuti ndi mmene zala zimagwirira chinthu mwamphamvu. Aliyense akhoza kudziyesa yekha: akagwetsa dzanja pansi ndi kuyesa kufumbata cholembera, adzaona kuti zala zilibe mphamvu, koma akalitukulira kumbuyo mphamvu zimabwerera.

Padalinso asilikali amene chipolopolo chidawadula mtsempha wotumiza mauthenga kuminofu yotukula dzanja. Dzanja lotero limangolendeŵera. Ngati mtsemphawo sukadatha kusokedwa, Jones ankatenga nsinga za minofu ina yamoyo ya kutsogolo kwa mkono ndi kuzisokerera kumene kudali minofu yofooka ija, ndipo dzanja linkatukukanso. Pabondo lotupa ankakulungapo thonje lochindikala ndi bandeji mosanjikiza kuti kutupa kuchepe popanda kutseka magazi. Kamangidwe kameneka kamadziŵikabe ndi dzina lake, ndipo ngakhale madotolo a ziŵeto amakagwiritsa ntchito pa agalu ndi akavalo.

Chipatala chotchuka koposa chidatsegulidwa m'chaka cha 1916 ku Shepherd's Bush mumzinda wa London, ndipo chidali ndi mabedi 800. Kumeneko kudali chinthu chachilendo: nyumba za ukalipentala, zosulira zitsulo, zosokera nsapato ndi zosokera zovala. Msilikali wouma mfundo akauzidwa kuti apinde ndi kuwongola phazi kambirimbiri, amatopa ndi kugwa ulesi. Koma akapatsidwa makina opalasa ndi phazi kuti acheke matabwa kapena asoke, phazilo limayenda tsiku lonse iye osaganizako. Wouma zala ankapatsidwa ntchito ya zala, wouma pheŵa ankapala matabwa. Zitsulo zambiri ndi nsapato zapadera zimene chipatalacho chinkafuna zinkapangidwa ndi odwala omwewo. Munthu amene adathandiza kwambiri kupeza ndalama za nyumbazi adali Manuel, amene adali mfumu ya dziko la Portugal kufikira m'chaka cha 1910 pamene ufumu udathetsedwa kumeneko, ndipo ankakhala ku England.

Zipatala zotere zidatsegulidwanso m'mizinda ina monga Leeds, Bristol, Cardiff, Aberdeen ndi Belfast. Pamene nkhondo inkatha m'chaka cha 1918, mabedi onse pamodzi adali osachepera 20,000. Popeza madotolo odziŵa za mafupa adali oŵerengeka, m'chaka cha 1917 kudabwera madotolo achinyamata ochokera ku America kudzathandiza ndi kudzaphunzira, ndipo pobwerera kwawo adatenga nzeruzo. Asilikali ambiri amene adathandizidwa m'zipatalazi adatha kubwerera kuntchito ya usilikali, ndipo ena adapita kwawo ali ndi luso lodzipezera chakudya. M'chaka cha 1917 Mfumu George V idapatsa Jones ulemu wotchedwa Sir, ndipo pausilikali adakwezedwa mpaka kufika paudindo wa Meja Jenerale.

Zaka zomaliza

Nkhondo itatha, zambiri mwa zipatala zija zidatsekedwa. Jones adabwerera kwa ana olumala. M'chaka cha 1919 iye ndi dotolo mnzake Gathorne Girdlestone adalemba dongosolo lakuti chigawo chilichonse cha dziko chikhale ndi chipatala chachikulu cha mafupa, chozunguliridwa ndi timakiliniki tating'ono m'matauni, kuti mwana apezeke msanga asanapunduke ndipo aziwonedwabe atatuluka m'chipatala. Lidali dongosolo lomwe lija la pangalande ya Manchester ndi la pankhondo. Nyumba ya Agnes Hunt idasamukira pafupi ndi tauni ya Oswestry, m'nyumba zimene kale zidali chipatala cha asilikali, ndipo idakula kukhala chipatala chachikulu.

Chitsulo cha Thomas chidagwiranso ntchito pa Nkhondo Yaikulu Yachiŵiri. M'chipululu cha kumpoto kwa Africa, kumene maambulansi ankayenda mitunda italiitali pamiyala, madotolo ankakulunga mwendo ndi chitsulo chomwe m'chikhakha, ndipo kamangidweka adakatcha dzina la tauni ya Tobruk ya ku Libya. Koma Jones sadaone zimenezi. Iye adamwalira pa 14 Januwale, 1933, ku Wales, ali ndi zaka 75. Thupi lake lidatenthedwa, ndipo phulusa lake lidaikidwa m'tchalitchi chachikulu cha Anglican mumzinda wa Liverpool. Pambuyo pa imfa yake, chipatala cha ku Oswestry chidapatsidwa maina a anthu aŵiri amene adachiyambitsa, Robert Jones ndi Agnes Hunt, ndipo chikuthandizabe odwala mafupa ndi mfundo mpaka lero.